Nkhoswe ya Madzi ndi Mafuta

Juni wa ku Mzuzu salonjera.
Amadzera pansi pa chitseko ku Mchengautuwa
n'kudzakhala m'zikhato zanga
ndisanagwire n'komwe njinga.
Zaka zisanu ndi zinayi ndikupalasa sakaramento,
kukweza anthu ndi matumba awo chitunda cha ku Katoto,
manja anachita ming'alu ngati dambo la mu Okutobala.
Kabotolo ka mafuta odzola m'golosale
mtengo wake ndi maulendo anayi a ku Luwinga.
Ndinkangokaponyera diso n'kudutsa.

Uchizi, mwana wanga wa Fomu 3,
ndiye anabwera ndi kope lothothoka chikuto,
nati, "Adada, sopo sagwa kumwamba.
Ndi mafuta amene akumana ndi soda."
Ine wolekezera Sitandade 7 ndinaseka,
koma Loweruka ndinagula mawese a ku Karonga
ndi kositiki wa m'kapepala.

Ndinayeza ndi maso, ngati mchere wa m'ndiwo.
Sopo anatuluka woluma.
NyaChirambo atasambira, mikono inafiira psuu,
masiku atatu osandiyankhula.
Mtanda umenewo tinamalizira kutsukira matayala.

Ndiye tinakabwereka kasikelo kwa a Mwafulirwa ogula khofi.
Magalamu sanama, akutero Uchizi,
dzanja ndiye limakondera.
Anandiveka magolovesi ndi magalasi a owotcherera,
natsegula zenera ngakhale kunja kunali mawawa.
"Soda ndiye amapita kumadzi.
Madzi sapita kwa soda, angakuthovukireni kumaso."
Ndinathira pang'onopang'ono.
Chigubu chinatentha popanda nkhuni, popanda makala.
Ndinafunsa kuti moto uli pati.
Anati uli m'tinthu tosaoneka
timene tikusiyana ndi anzawo n'kugwirana ndi ena.
Ndinakhala chete. Zoterozo ndinazionapo pa anthu.

Tsiku lina anaviika chidede m'kapu.
Dontho la ndimu, madzi anawala kufiira.
Dontho la soda, anasanduka obiriwira
ngati dziwe loiwalika.
Kapu imodzi, mayankho awiri,
ndipo palibe anaombeza.

Kenaka ndinadzimva katswiri.
Ndinasungunula phula la njuchi za ku Chikangawa m'mafuta a mpendadzuwa,
n'kuwonjezamo madzi kuti zichuluke.
Madzi anakana, anakhala pambali ngati mlendo wokwiya,
ndipo sabata isanathe pamwamba panamera chuku.
Pamene pali madzi, akuti, tizilombo sitidikira kuitanidwa.
Tsopano ndimaika phula ndi mafuta basi,
gawo limodzi kwa magawo anayi,
m'timabotolo towiritsa, touma gwa.

Sopo wachiwiri anagona pamwamba pa kabati
masabata asanu ndi limodzi.
Ndinkamuyendera m'mawa uliwonse ngati wodwala.
Kudikira ndi mankhwala amene sanalembedwe m'kope.

Usiku woti mawa mayeso, magetsi atazima,
Uchizi anagwira mutu pa kandulo:
"Zathawa zonse. Sopo amachotsa bwanji litsiro?"
Ndinamva pakamwa panga pakuyankha pokha:
madzi ndi mafuta ndi banja losamvana,
sopo ndiye nkhoswe.
Mutu wake umakonda madzi,
mchira wake umakakamira mafuta,
akagwira uku ndi uku
onse amatuluka pakhomo limodzi, litsiro lili pakati.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Kenaka analemba, koma mawu oti nkhoswe anawasiya.

M'mawa uno chifunga chaphimba msewu wa ku Chipatala Chachikulu.
Namwino amene ndamukweza wafunsa
chimene chikununkhira uchi panjinga pano.
Ndamuonetsa chikhato.
Ming'alu iwiri ikadalipo, yakuya ija,
ina yonse yatsekeka.
Wati ndimubweretsere kabotolo Lachinayi.
Sindinamuuze mtengo.
Ndikafunse kaye mwini kope.